Mmene mungapempherere munthu amene akufuna kudziwa chifuniro cha Mulungu

Funso limene ndimalandira kawirikawiri tikaweruka m'mapemphero, ndiponso pa WhatsApp pakati pa sabata, limakhala lotere: m'bale wina wandipempha kuti ndimupempherere chifukwa sakudziwa ngati abwerere kumudzi kapena apitirize kukhala muno mu Johannesburg, ngati alowe m'banja kapena adikire, ngati asiye ntchito kwa bwana wankhanza asanapeze ina, kodi ndipemphere bwanji, ndipo ndikamuuze chiyani? Ndaona kuti ndi bwino ndilembe yankho kamodzi kuti aliyense wofunsa ndizingomutumizira. Ndikulembera Mkhristu wamba, chifukwa kuno kuchilendo amene amapempherera mnzake nthawi zambiri ndi amene akugona naye chipinda chimodzi ku Rosettenville kapena ku Diepsloot, pamene mbusa amaonana naye Lamulungu lokha.

Ndinene poyambirira kuti ntchito imene mwapatsidwa ndi kupembedzera, ndiko kuimirira pamaso pa Mulungu ndi kumupemphera mnzanu. Simunapemphedwe kuti mulankhule m'malo mwa Mulungu kwa mnzanuyo. Zolakwa zambiri zimene ndikutchula m'munsimu zimayamba munthu akasokoneza ntchito ziwirizi.

1. Funsani ndi kumvetsera musanatseke maso

Pa Marko 10:51 Yesu anafunsa Bartimeyo chimene ankafuna kuti amuchitire, ngakhale aliyense ankaona kuti munthuyo ndi wakhungu. Ngati Ambuye anafunsa, inu musafulumire kuganiza kuti mwamva kale. Munthu akanena kuti mumupempherere za mapepala, mawu amene kuno timatanthauza chilolezo chokhalira ndi kugwira ntchito m'dziko lino, kawirikawiri nkhani yeniyeni imakhala kuseri kwa mawuwo. Mwina masiku 30 amene anamudindira pa chipata cha Beitbridge, polowa kuchokera ku Zimbabwe, anatha kalekale, mayi ake akudwala ku Mangochi, ndipo akudziwa kuti kuyambira mu 2014 munthu wopyola masiku ake akamatuluka amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, kapena kwa zaka 5 ngati wapyola kwambiri. Munthu wotere sakufunsa za pepala lokha. Akufunsa ngati Mulungu akufuna kuti akaone mayi ake ndi kutaya ntchito, kapena akhale kuti azitumiza ndalama ya mankhwala. Mufunseni modekha kuti njira zimene akuziona ndi ziti, akuopa chiyani pa iliyonse, ndipo ndani wina amene chisankhocho chimukhudze. Musamudule mawu ndi vesi.

2. Gwirizanani za chinsinsi

Musanasiyane, mufunseni ngati akulola kuti muuzeko ena, ndipo atchule yekha anthu ake. Ena amalola kuti nkhani ifike ku mlaga kapena ku mphakati, timagulu ta Akhristu oyandikana nyumba, kapena kwa amayi a Mvano ndi a Chigwirizano. Ena safuna kuti ipyole inu. Miyambo 11:13 imasiyanitsa wamiseche woulula zinsinsi ndi munthu wokhulupirika wosunga nkhani, ndipo kuyamba uthenga ndi mawu akuti tiyeni timupempherere sikusintha miseche kukhala pemphero. Kulemba pa gulu la WhatsApp la anthu mazana dzina la munthu pamodzi ndi nkhani yakuti alibe mapepala, kapena matenda amene wapezeka nawo, ndi kumuika pangozi. Uthengawo ukhoza kufika kwa mkazi wake ku Mzimba tsiku lomwelo, kapenanso kwa munthu amene ali naye chifukwa, ndipo mathero ake akhoza kukhala ku Lindela, kumalo osungira anthu oyembekezera kubwezedwa kwawo ku Krugersdorp. Ngati mukufuna thandizo la gulu, nenani kuti pali m'bale amene akufuna nzeru pa chisankho chachikulu, basi.

3. Siyanitsani zimene Mulungu ananena kale ndi zimene sananene

Deuteronomo 29:29 amati zobisika ndi za Yehova, koma zoululidwa ndi zathu ndi ana athu kuti tizichite. Mafunso ena amene anthu amabweretsa ngati ofunika kusala kudya ali ndi yankho lolembedwa kale. Bambo amene anasiya mkazi ndi ana kumudzi akamafunsa ngati ndi chifuniro cha Mulungu kuti atenge mkazi wina kuno, simufunika kukwera phiri. 1 Atesalonika 4:3 akunena poyera kuti chifuniro cha Mulungu ndicho chiyeretso chathu, kuti tipewe dama. Amene wasiya kutumiza thandizo kwawo ndipo ali panjira yokhala tchona, munthu wokhalitsa kunja mpaka kuiwala kwawo, yankho lake lili pa 1 Timoteo 5:8. Pa zotere musapemphere kuti Mulungu aulule maganizo ake. Pempherani kuti munthuyo apatsidwe mtima womvera, ndipo mumuuze choona mwachikondi muli awiri.

Mafunso ena alibe vesi lowayankha mwachindunji. Palibe pamene Baibulo likunena ngati mnzanu akhale ku Yeoville kapena akalime ku Dedza, ngati avomere ntchito ya m'nyumba ku Fordsburg kapena apitirize kusoka. Masitepe otsatirawa ndi a mafunso a mtundu umenewu.

4. Pempherani zinthu zimene atumwi ankapempherera anzawo

Anthu ambiri amasowa mawu pano, ndipo amangobwereza kuti Ambuye tsegulani makomo. Taonani mmene Paulo ankapempherera Akolose, anthu amene ambiri a iwo anali asanamuonepo nkhope: pa Akolose 1:9 akupempha kuti adzazidwe ndi chizindikiritso cha chifuniro cha Mulungu mu nzeru zonse zauzimu. Pa Akolose 4:12 Epafra akulimbana m'mapemphero kuti anthu akwawo aime okhwima ndi otsimikiza m'chifuniro chonse cha Mulungu. M'mapemphero onse awiri amene akuyembekezeka kudziwa chifunirocho ndi anthu opemphereredwawo. Yesu mwini, podziwa kuti Petro adzapetedwa ngati tirigu, anamupempherera kuti chikhulupiriro chake chisazime (Luka 22:32). Choncho pemphani kuti mnzanu apatsidwe nzeru monga akulonjezera Yakobo 1:5, kuti mantha ndi manyazi obwerera kumudzi chimanjamanja zisamusankhire njira, kuti apeze aphungu oona, ndi kuti akadziwa choyenera alimbe mtima kuchichita. Mukhozanso kupempha chinthu chenicheni, monga ntchito, machiritso kapena chitupa, chifukwa Mulungu sakhumudwa ndi pempho lolunjika, koma mulipereke monga Ambuye anachitira ku Getsemane, posiya mathero m'manja mwa Atate.

Ikani nthawi yodziwika ndipo lembani dzina ndi pempho m'kabuku, chifukwa lonjezo lakuti ndikupemphererani limaiwalika munthu asanafike pokwerera takisi. Nthawi ya kuno ndi ya ku Malawi ndi imodzi, kotero mukhoza kugwirizana ora limodzi ndi abale ake a kumudzi ngati iye walola. Mphindi zochepa tsiku lililonse zimaposa usiku umodzi wofuula wotsatiridwa ndi mwezi wa chete.

Musasiye kunja anthu amene ali ndi mphamvu pa nkhaniyo: bwana, mwininyumba, ogwira ntchito ku Home Affairs, ofesi ya boma yoona za mapepala, ndi mzinda womwe uno. Yeremiya 29:7 anauza akapolo a ku Babulo kuti apempherere mtendere wa mzinda umene anatengedwerako, ndipo 1 Timoteo 2:1-2 akutchula mafumu ndi onse aulamuliro. Ndikudziwa kuti zimenezi ndi zolemera kwa amene akukumbukira May 2008, pamene chiwawa cholimbana ndi alendo chinayambira ku Alexandra ndi kupha anthu 62 m'dziko muno, kapena 2015 pamene boma la Malawi linatumiza mabasi odzatenga anthu ake. Komabe lamulo lopempherera mzinda linaperekedwa kwa anthu amene anali ndi zifukwa zodana ndi Babulo zoposa zathu.

5. Fufuzani mtima wanu, ndipo samalani ndi zimene mukuganiza kuti mwamva

Apa ndi pamene malangizo ambiri amadumpha, ndipo ndi pamene anthu okonda anzawo amawavulaza. Mukamapempherera munthu masiku angapo mudzayamba kumva china chake mumtima, mwina kulota kumene, ndipo mudzafuna kuthamanga kukamuuza kuti Mulungu walankhula. Musanatero, khalani pansi ndi kudzifunsa chimene inuyo mupindule kapena kutaya ndi chisankho chake. Kuno moyo wathu ndi wolumikizana kwambiri moti wopempherera wopanda mbali ndi wosowa. Ngati mumagawana naye lendi, kuchoka kwake kukutanthauza kuti mwezi wamawa mulipira nokha. Ngati ali nanu ngongole, kapena muli m'chipereganyo chimodzi ndipo nthawi yanu yolandira sinafike, mtima wanu uli ndi yankho lake kale. Ngati ndinu mlongo wake wa kumudzi amene mumalandira ndalama pa Mukuru mwezi ndi mwezi, n'chapafupi kumva kuti Mulungu akufuna akhalebe ku Joni. Ngati ntchito imene akufuna kusiyayo mukuifunira mphwanu amene wangofika, n'chapafupi kumva kuti nthawi yake yopita yakwana. Kukhala ndi zofuna zotere si tchimo, koma kuzibisa pansi pa dzina la Mulungu ndi kutchula dzina lake pachabe. Zitchuleni pamaso pa Mulungu monga zilili, ndipo ngati n'kotheka muuzeni mnzanuyo kuti pa nkhani imeneyi inu muli ndi mbali, kuti adziwe kulemera kwa mawu anu.

Ngakhale mtima wanu utakhala woyera, mukhoza kumva molondola koma n'kumasulira molakwa. Werengani Machitidwe 21 mofatsa. Paulo ali pa ulendo wa ku Yerusalemu, ophunzira a ku Turo anamuuza mwa Mzimu kuti asapite. Atafika ku Kaisareya, kunyumba kwa Filipo mlaliki, mneneri Agabo anatenga lamba wa Paulo, nadzimanga manja ndi miyendo, nanena kuti mwini lambayo adzamangidwa chomwecho ku Yerusalemu. Agabo ananena zoona, ndipo zinachitikadi. Koma anzake a Paulo, kuphatikizapo Luka wolemba nkhaniyo, anatenga chenjezo la mavuto ngati lamulo loti asapite, ndipo anamudandaulira ndi misozi mpaka iye anawafunsa chifukwa chimene ankamuswera mtima. Anali anthu a pemphero ndipo ankamukonda, koma chikondi chomwecho chinawachititsa kuwonjezera mawu awo pa mawu a Mzimu. Ngati Luka anatero, inu ndi ine sitili pamwamba pake. Kulota mnzanu ali m'mavuto panjira sikutanthauza kuti asanyamuke. Mwina mwaonetsedwa kuti mumupempherere kwambiri.

Palinso ngozi yonena chimene munthu akulakalaka kumva. Pa Yeremiya 28 Hananiya analosera kuti zaka ziwiri zisanathe akapolo adzabwerera kuchokera ku Babulo, uthenga wokoma kwa aliyense, pamene Yeremiya analembera akapolowo kuti zidzatenga zaka 70, choncho amange nyumba ndi kulima minda. Sindikunena kuti nkhani imeneyi ikulamula aliyense kukhazikika ku South Africa. Ndikunena kuti uthenga wakuti chaka chino mapepala atuluka, chaka chino mugula galimoto, umalandiridwa msanga chifukwa ndi wokoma, ndipo kukoma kwake si umboni wakuti ndi woona.

Nanga muchite chiyani ndi chimene mwamvacho? Choyamba, dikirani masiku angapo mukupemphera musananene kanthu, pokhapokha ngati pali ngozi yooneka ndi maso. Chachiwiri, chiyeseni ndi Malemba monga akulamulira 1 Yohane 4:1 ndi 1 Atesalonika 5:20-21, amene akuletsa kunyoza maulosi komanso akulamula kuyesa zonse. Chachitatu, fotokozerani mkulu wa mpingo wokhwima maganizo popanda kutchula dzina la mwininkhani. Mukatsimikiza kuti n'choyenera kunena, nenani monga mwachilandirira, osachikulitsa. Mukhoza kunena kuti, "Achimwene, pamene ndimakupemphererani ndinalota zakutizakuti, ndipo tanthauzo lake sindikulitsimikiza, mulipempherere nanunso," kapena kuti, "Mayi, vesi ili lakhala likundibwerera, muliwerenge muone ngati likukhudza nkhani yanu." Mawu akuti Mulungu wandiuza kuti muchite chakuti amatseka pakamwa pa munthu, chifukwa akakana amaoneka ngati akukana Mulungu, ndipo akamvera zinthu n'kuipa, amakwiyira Mulungu chifukwa cha mawu anu.

Pali zinthu zitatu zimene simuyenera kunena ngakhale mutalota kangati. Musauze munthu kuti Mulungu wakuonetsani kuti akwatirane ndi inu kapena ndi m'bale wanu. Musatchule dzina la wachibale wa kumudzi ngati mfiti imene yamanga mwayi wake, chifukwa mawu otere onenedwa m'chipinda ku Hillbrow amakafika kwa gogo wosadziwa kanthu, ndipo tonse tamvapo za okalamba omenyedwa ndi kuphedwa kwathu chifukwa choganiziridwa ufiti. Ndipo musauze wodwala kuti asiye mankhwala. Za ndalama ndinene mwachidule: musalandire kalikonse ngati mtengo wa pemphero kapena wa uthenga, ngakhale atachitcha kufesa mbewu. Petro anadzudzula Simoni pa Machitidwe 8:20 chifukwa choganiza kuti mphatso ya Mulungu ingagulidwe, ndipo malonda a mtundu umenewu anafika poipa m'dziko lino mpaka bungwe la CRL Rights Commission, loona za ufulu wa zikhalidwe, zipembedzo ndi zilankhulo, linachita kafukufuku ndi kutulutsa lipoti lake mu 2017.

6. Muthandizeni kufunsa uphungu ndi kuwerengera mtengo

Kupemphera sikuchotsa udindo woganiza. Miyambo 15:22 imati zolingalira zimalephereka popanda upo, ndipo akuluakulu athu anati safunsa anadya phula. Mulimbikitseni kuti alankhule ndi mkazi kapena mwamuna wake, chifukwa munthu wapabanja sangadziwe chifuniro cha Mulungu pa banja lake mnzakeyo asakudziwa. Ngati ndi nkhani ya ukwati, ankhoswe ndi makolo adziwe, ngakhale patelefoni. Ngati ndi ya mapepala, afunse anthu odziwa malamulo, osati ongoima kunja kwa maofesi kulonjeza njira yachidule. Khalani naye pansi ndi pepala, mulembe ndalama imene ali nayo, mtengo wa ulendo, ndi chimene akayambe akafika. Yesu mwini pa Luka 14:28 analankhula za kuyamba mwakhala pansi ndi kuwerengera musanamange nsanja.

Muchenjezeni za njira zachidule zimene zimaoneka zauzimu. Kutsegula Baibulo mwachisawawa ndi kuloza chala pa vesi ndi kuchita maere ndi Mawu a Mulungu. Kupempha chizindikiro monga Gideoni anachitira ndi ubweya pa Oweruza 6 si chitsanzo chabwino, popeza Gideoni anali atauzidwa kale chochita ndipo ankangolimbana ndi mantha ake. Khomo lotseguka nalonso si umboni wokwanira: Yona pothawa Mulungu anapeza chombo chopita ku Tarisi chili chokonzeka, anali ndi ndalama yolipira, ndipo anagona tulo tofa nato m'kati mwake. Choncho mnzanu akanena kuti zonse zangoyenda zokha ndipo ali ndi mtendere mumtima, kondwerani naye, koma mufunsenso ngati njirayo ikugwirizana ndi Malemba ndi uphungu wa anthu okhwima.

7. Za kusala kudya ndi kupita kuphiri

Kusala kudya ndi kwabwino mukagwirizana nthawi yake, koma si njira yokakamizira Mulungu kuyankha. Amene akumwa mankhwala a TB, a shuga kapena ma ARV, mayi woyembekezera, ndi amene amagwira ntchito yolemetsa pa zomangamanga asakakamizidwe. Akhoza kusala chinthu china ndi kupereka nthawiyo ku pemphero. Ambiri amakonda kukapemphera pa phiri la ku Yeoville ndi malo ena otere. Ngati mupita, pitani masana ndipo mukhale gulu, podziwa kuti chipinda chotseka chitseko cha pa Mateyu 6:6 n'chokwanira.

8. Chitani chimene chili m'manja mwanu

Yakobo 2:15-16 akudzudzula wouza m'bale wausiwa ndi wanjala kuti apite mumtendere osamupatsa kanthu. Ngati mukudziwa kumene kukufunika munthu wa maganyu, mutchuleni. Ngati akufuna womuperekeza kuchipatala chifukwa sadziwa Chingerezi kapena Chizulu, muperekezeni. Munthu wanjala amasankha mothamanga, ndipo thumba la ufa likhoza kumupatsa sabata yoganiza bwino.

9. Akasankha, lekani kukangana naye koma musaleke kupemphera

Anzake a Paulo ataona kuti sakopeka anakhala chete ndi kunena kuti chifuniro cha Ambuye chichitike, ndipo ena mwa iwo anamuperekeza mpaka ku Yerusalemu. Ngati chimene mnzanu wasankha si tchimo, ngakhale chikusiyana ndi maganizo anu, chitani chimodzimodzi. Akasankha kupita, muthandizeni kumanga katundu, mumuperekeze kokwerera mabasi ku Park Station, ndipo mumupempherere pa Beitbridge, pa Nyamapanda, ku Tete mpaka atadutsa pa Mwanza. Akasankha kukhala, musamukumbutse loto lanu nthawi iliyonse imene wakumana ndi vuto.

Zinthu zikapanda kuyenda monga munapemphera, musamuuze kuti chikhulupiriro chake chinachepa kapena kuti ali ndi tchimo lobisika. Paulo anapempha katatu kuti munga wa m'thupi mwake uchoke ndipo anayankhidwa kuti chisomo chimukwanira (2 Akorinto 12:8-9), pamene anzake a Yobu, amene anali ndi chifukwa chofotokozera tsoka lililonse, ndiwo anadzudzulidwa ndi Mulungu pa Yobu 42:7. Mavuto obwera pambuyo pa chisankho satsimikiza kuti chisankhocho chinali cholakwika, popeza Paulo anamangidwadi ku Yerusalemu ali m'chifuniro cha Mulungu.

Pakatha mwezi, muimbireni ndi kumufunsa mmene zinthu zilili, ndipo musinthe pempho m'kabuku kanu mogwirizana ndi zimene wakuuzani, chifukwa amene anapempha nzeru yosankhira tsopano akufunika mphamvu yopirira kumene wapitako, mtendere ndi abale amene ankayembekezera kuti abwera ndi chuma, kapena mpingo woti alowemo. Ngati munauzako anthu a ku mlaga kapena a Mvano, mufunseni kaye iye zimene akulola kuti muwabwezere, kenaka muwadziwitse kuti nawonso asinthe mapemphero awo.